Masamba Awiri ndi Nsonga

Dzanja la a Jailos linali ndi nzeru zakezake. Zaka zonse zimene anathyola tiyi pa esiteti, linkadziwa chinthu chimodzi: masamba awiri ndi nsonga, n'kuponya m'dengu kumsana. Ngakhale pamaliro, akakhala pafupi ndi mpanda wa maluwa, mpandawo unkatsala wometedwa.

Mwana wawo Doris ankagwira ntchito m'nyumba yoyesera mbewu, momwe tiyi amamera m'mabotolo. Ankadula tinsonga tating'ono ngati mpunga n'kutikhazika pa phala lowala losakaniza ndi mankhwala awiri. Ena amauza kambewu kuti katulutse masamba, enawo kuti katulutse mizu. Ukaphonya muyeso, chimamera ndi chotupa chonga njerewere, chopanda mutu ndi mwendo womwe.

Tsono kumalire kwa munda kunali chitsamba cha tiyi chimene a Jailos anachizindikira kalekale kuti sichifota chilimwe. Ankachitcha mkazi wamng'ono, amayi a Doris n'kumangotsonya. Chaka chimene bambowo anapuma pantchito, chiswe chinalowa patsinde pake. Doris anapempha chilolezo n'kutengako nsonga chitsambacho chisanaume. Mabotolo ambiri anachita nkhungu, ena anangomera zotupa zija. Kanapulumuka kambewu kamodzi kokha. Doris anakalera ngati khanda lobadwa masiku osakwana, mpaka kanayenera kuikidwa m'dothi, pansi pa shedi.

Loweruka lina anakawatenga bambo akewo. Anabwera atavala jekete la kutchalitchi, khadi la chipani lili m'thumba poopa ayufi ofunsa makhadi pa Chonde.

"Ababa, nayu mwana wa mkazi wanu wamng'ono uja," anatero Doris.

A Jailos anawerama. Maso awo anali atachita ng'ala, choncho anatambasula dzanja kuti aone bwino. Doris anangomva kuti thyo!

Masamba awiri ndi nsonga zinali pakati pa zala zawo, dzanjalo litayamba kale ulendo wa kumsana kumene kunalibe dengu.

"Mayo ine! Si ine, mwananga. Ndi dzanjali."

Doris anafuna kukalipa. Koma ataona nkhalambayo ikuyesa kubwezera nsonga ija pakamtengo, chisoni chinamugwira. Tsiku limenelo a Jailos sanadye.

Doris ankadziwa kuti nsonga ndiyo imatsitsa mankhwala ogoneka timaso ta m'mbali tophukira nthambi, ndipo ikachoka timasoto timatha kudzuka. Koma zimenezo n'za mtengo wokhwima. Aka kanali kakhanda, ndipo kakanafa, mkazi wamng'ono akanafa kawiri, kachiwiriko ndi dzanja la mwini wake. M'mawa uliwonse ankayamba wasuzumira m'shedi, mtima uli m'mwamba. Kunyumba bambo ake sanafunse n'kamodzi komwe.

Tsiku lina anapeza timaso tiwiri tatupa. Posakhalitsa tinaphukira timasamba tanthete, tofiirira.

A Jailos atabweranso, anaima pakhomo pa shedi, manja onse ali m'matumba a jekete.

"Usaope, ndawatsekera akubawa," anatero.

Doris anaseka misozi ikulengeza. Anawagwira pamkono, n'kutulutsa yekha dzanja lija, n'kulitsogolera.

"Khudzani, ababa. Munathyola mmodzi, abadwa mapasa."

Zala zija zinafika pamasambapo, zinatsegula kukamwa monga mwa chizolowezi, kenaka zinaima. A Jailos anatembenuza dzanja n'kusisita timasambato ndi kumsana kwa chala, monga amasisitira tsaya la mdzukulu, ndipo dzanjalo linabwerera m'thumba lopanda kanthu.