Mtengo wa Kamanzere

A Telala sankabetcha. M'shopu ya zobetcha ankangolowamo kukawerenga mitengo pa sikirini, ngati mmene ena amaonera zanyengo. Ankati makochi a osewera amanama, achibale amanama, koma kampani ya juga singakunamize, chifukwa ikaphonya imaluza ndalama zake.

Ana awo awiri ankasewera tenisi yolipidwa. Mtengo wa wamwamuna ukaoneka bwino, a Telala ankatseka chitseko cha shopu yawo yosokera n'kuthamangira kubwalo kukamuonera, tepi yoyezera idakali m'khosi. Wamkazi ankamutcha Kamanzere, poti ankamenya mpira ndi dzanja lamanzere. Iyeyo mtengo wake sunaonekepo bwino n'kamodzi komwe.

Tsiku lina mtsikanayo anaimba foni.

"Adadi, a kubanki aja akufuna yankho mawa. Ndikavomera ntchito, tenisi yathera pompo. Mundiuze zoona, ndisiye?"

"Ndikuuza madzulo."

Anasiya thalauza pamakina, ulusi uli lende, n'kupita kukafunsa sikirini. Masewero a amuna anali pamwamba, mitengo mbwee: wopambana, wa seti yoyamba, ngakhale woyamba kuphonya. Anatsitsa, natsitsanso, mpaka pansi penipeni. Masewero a mawa, Kamanzere 9.00, wopikisana naye 1.05. Nambala yaikulu ngati ya Kamanzereyo imatanthauza chinthu chimodzi basi, kuti palibe amene akumuwerengera. Mtima unawawawa, koma yankho anali atalipeza.

Mayi wa pakauntala ankawadziwa ngati kasitomala amene sagula kanthu.

"Lero nkhope yagwa bwanji, bambo? Mwaluza osabetcha?"

"Uyu ndi mwana wanga," anatero a Telala, chala chili pagalasi. "Akuti alibe chake."

"Akutero ndani?"

"Akatswiri anuwa."

Mayiyo anaseka pang'ono, uku akulongosola timatikiti. "Akatswiri ali ku masewero a amuna. Kumeneko kumakhala anthu oonera mavidiyo tsiku lonse, wosewera akangotsimphina mtengo wasintha kale. Za akazi a mipikisano ing'onoing'onoyi obetcha ndi ochepa, ndiye kompyuta imangoona nambala ya munthu pamndandanda wa osewera, n'kuwonjezera phindu la kampani kuti isapse."

"Ndiye amene anaika mtengowu anamuonapo akusewera?"

"Amuonera kuti? Mwina sadziwa n'komwe kuti ndi wamkazi wamtali kapena wamfupi. Inuyo bambo ake ndi amene mungatiuze. Amasewera bwanji?"

Muyezo wa siketi ya Kamanzere a Telala ankaudziwa pamtima, poti zovala zonse zosewerera ankamusokera okha. Koma kuti amamenya bwanji, amathamanga bwanji, akatsala m'mbuyo amatani, zonsezo sankazidziwa. Zaka zonsezi ankadikira kuti mtengo ukhale bwino kaye, ndiye apite. Manyazi anawagwira koopsa.

Anatuluka, naima pakhonde pambali pa njinga za obetcha, n'kuimba foni.

"Mwaganiza bwanji, adadi?"

"A kubanki uwauze adikire mpaka mawa madzulo. Sindingakuyankhe ndisanakuone. Ndibwera kudzaonera."



"Mubwera inuyo?"

"Ndanena kale."

"Chabwino. Mukwere basi iti, mukudziwa?"

Sankadziwa. Kamanzere anayamba kuwalongosolera njira pang'onopang'ono, ngati akuuza mlendo.