Katondo wa Kumpendero

"Imeneyo musaviike," anatero Rosina.

Mlamu wake Sabina anaimitsa manja pamwamba pa beseni. Zovala za malemu zimayamba zachapidwa zisanagawidwe, ndipo malaya a Pulofesa Esau Mwaiwawo, mwamuna wa Rosina, anali atadzaza kale chingwe kuseri kwa nyumba yawo ku Chegutu, m'dziko la Zimbabwe. Inatsala ndi gauni yofiira ya kuyunivesite, kumpendero kwake kuli katondo wouma.

"Alamu, tikawapatse anthu ophunzira chinthu chamatope?"

Leeroy, mwana wachisamba wa Rosina amene anabwera kuchokera ku Mangalande, anayankha m'Chishona monga mwa masiku onse. "Mhamha, ndakatovavimbisa." Anali atawalonjeza kale. Akuyunivesite ankafuna kukaipachika m'galasi pa tsiku lokumbukira aphunzitsi awo amene anatisiya.

Pamaliro anthu amenewo analankhula Chingerezi mpaka kukhosi kuuma. Anatchula mabuku a Esau, ophunzira ake, ndi minda ya thonje ya ku Sanyati imene anaiyeza nthaka moyo wake wonse. Onse ankamudziwa Pulofesa. Rosina anamva ngati akuika munthu wina, ndipo anasungulumwa ali pakati pa khamulo.

"Ukudziwa kumene dothili linachokera?" Rosina anamufunsa mwana wakeyo.

"Kumunda, mwina."

"Ndiperekeze mawa, ukaone."

"Mawa ndili ku Harare, mhamha. Akundidikira." Anamugwira paphewa, maso ali pafoni.

Rosina sanalimbane naye. Akanayambira pati? Samueli, bambo a Esau, anachoka ku Nyasalande wapansi, nakalowa mumgodi ku Battlefields, ndipo chifuwa cha fumbi chinawatenga kutatsala pang'ono kuti mwana wawo avale gauniyo. Kuyambira pamenepo, mvula ikakata, Esau ankapita yekha chaka chilichonse kukalambula manda awo atavala gauni ija. Munthu wopita kumanda yekha anthu amamunena ufiti, nanji atavala zofiira. N'chifukwa chake nkhaniyi inali ya awiri okha, ndipo tsopano inatsalira mmodzi. Gauni ikalowa m'galasi, nkhalamba ija idzaonanso ndani?

M'mawa Sabina anapeza pamsomali pamene anapachika gauni ija palibe kanthu. Rosina anali atakwera kale kombi ya ku Kadoma, thumba pamiyendo, kakhasu ka mwamuna wake katakulungidwa m'chitenje. Ku Kadoma anasintha galimoto. Palibe anamufunsa kumene akupita.

Manda a komboni yakale anali kuseri kwa maenje a okumba golide. Tsekera anali atameza mitumbira yonse, kupatula umodzi umene udzu wake unali wa chaka chino chokha. Chakumutu kwake kunali mwala wafulati, ndipo pambali pake dothi linali lolowa pang'ono m'malo awiri, pamene pankafika mawondo.

Analambula mpaka msana unakana. Kenaka anatulutsa gauni ija n'kuivala. Inali yaitali, manja ake osaoneka, mpendero ukukwekwereza pansi. Sanagwade pa malo a mwamuna wake. Anagwada chapatali, monga achitira mkamwana, nawomba m'manja pang'onopang'ono.

"Apongozi, ndi ine Rosina. Mwana wanu uja chaka chino sabwera, wakutsatirani komweko." Anakonza gauni ija paphewa. "Koma anati musamaiwale kuti sukulu ija anamaliza."

Atadzuka, mpendero unali utatola katondo watsopano. Sanausase. Anapinda gauniyo dothi lili mkati, monga ankapindira Esau.