Mvula Inagwa pa Sabata

Yoswa anafesa fodya wake kudimba kumayambiriro kwa Seputembala, monga ankachitira chaka chilichonse chikwatirireni ku Dzoole. Mbande za fodya zimafunika kuchoka pa nazale zikatha miyezi iwiri. Pofika pakati pa Novembala zinali zitakwana, mizere ya kumunda wake wa m'mbali mwa phiri inali yokonzakonza, koma kumwamba kunali mbee. Chizimalupsya chokha ndicho chinawaza mu Okutobala, chinangopha fumbi n'kupita.

Novembala anatha. Yoswa anameta masamba a mbandezo kuti zisathamange kukula, patapita nthawi anazimetanso. Matsinde ake anayamba kulimba ngati timitengo. Chitsime cha m'dimba chinatsika mpaka mkazi wake, Faines, ankachita kugwada n'kumatunga ndi chikho. Fodya ameneyu ndiye anali chakudya chawo cha chaka chamawa, chifukwa kamunda ka chimanga sikankawafikitsa ndi Ogasiti yemwe.

Mvula inabwera Loweruka lachiwiri la Disembala, dzuwa likulowa, ndipo inakata kunja kukucha. Faines anatuluka ndi khasu, anakumba kuseri kwa nyumba, n'kubwera ndi dothi lonyowa m'manja.

“Bambo a Ester, nthaka yamwa. Tiyeni tikawokere.”

“Lero ndi Sabata,” anatero Yoswa, uku akupukuta nsapato.

“Masiku ndimawadziwa inenso. Koma taonani kumwambaku, kwayera kale.”

“Mawa si kutali.”

“Munda wathu ndi wa paphiri, si dambo. Madzi sagonapo.”

Yoswa anali mkulu wa mpingo, ndipo ulaliki wa tsiku limenelo unali wake. Chaka chapitacho iye yemweyo anali pakati pa akulu amene anaimitsa Gabriel, mnzake woyandikana naye munda, kudya mgonero chifukwa chokumba mtedza pa Sabata. Anavala jekete, ananyamula Baibulo. Faines anaika dothi lija pakhonde, anasamba m'manja, n'kumutsatira.

Njira ya kutchalitchi inkadutsa m'mphepete mwa munda wa Gabriel. Banja lonse linali chiweramire m'mizere, beseni la mbande lili pakati pawo.

“Akulu a mpingo, mwadzuka?” anatero Gabriel, osaweramuka bwinobwino. “Mukatithokozereko kwa Mwini wake. Mukanene kuti katundu wafika, tikumugwiritsa ntchito.”

“Mukudziwa kuti lero ndi tsiku lanji, a Gabriel.”

“Ine munandidula kale, akulu. Mtengo wogwa saugwetsanso.”

M'tchalitchi munali agogo ndi ana, mabenchi a abambo ali pululu. Yoswa anawerenga mawu ndipo analalikira monga anakonzera, osadumpha kanthu. Ali pakati pa ulaliki anamva malata akuyamba kuthetheka pamwamba pake, monga amachitira dzuwa likawagwira. Anawamva mpaka pa pemphero lotsekera.

Lolemba Yoswa ndi Faines anafika kumunda kusanawale kwenikweni. Pamwamba pa mizere panali patayera kale. Akabaya dzenje, chinyezi chinkapezeka pansi, chochepa. Anagwirizana zoti phando lililonse alithire madzi, ndipo Faines anayamba kukwera ndi kutsika phirilo ndi ndowa pamutu. Asanafike ndi theka la munda, chitsime chinayamba kutulutsa matope okhaokha. Mbande zotsalazo zinali zozula kale, sizikanabwerera pa nazale. Anaziwokera choncho.

Disembala yense sikunagwenso dontho. Mbande zinayamba kugona masana n'kumadzuka m'mawa. Kenako zinaleka kudzuka. Pofika Khirisimasi, munthu akayenda m'mizere ankangoona timitengo touma, tsamba lobiriwira apa ndi apo kumunsi kumene anathira madzi. Za Gabriel zinafa zambiri nazonso, koma zimene zinapeza chinyezi cha tsiku lija zinagwira.

Mvula inabwerera sabata yoyamba ya Januwale, yamphamvu, ya tsiku ndi tsiku. Pa nazale ya Yoswa panalibe mbande yoti n'kupakiza m'mapando ofawo. Anazengereza, kenako anapita kwa Gabriel, chipewa chili m'manja.

Gabriel sanamuseke. Anamutengera kudimba kwake n'kumuonetsa mabedi opanda kanthu.

“Zotsala ndinapakiza nazo dzana, achimwene. Mukanabwera msanga tikanagawana. Ndamva kuti ku Mponela kuliko ogulitsa, koma akuti nazonso n'zokalamba ngati ife.”

Yoswa anathokoza n'kubwerera. Anadziwa kuti ngakhale akanazipeza, fodya wowokera nthawi imeneyi sakanakhwima mvula isanathe.

Kunyumba anapeza Faines akuvutika ndi moto. Nkhuni zonse zinali zonyowa, utsi uli tolo m'khitchini. Mayiyo anatuluka ndi nkhwangwa n'kulunjika kuchigafa, chisakasa choyanikamo fodya chimene Yoswa anafolera udzu watsopano m'chilimwe. Mitengo ya m'katimo inali youma bwino. Anasolola umodzi, anaugoneka pansi, n'kuyang'ana mwamuna wake.

Yoswa anakhala pakhonde, mvula ikutsika m'mizere ya paphiri. Faines anadikira pang'ono, kenako anayamba kuwaza.