Ng'ombeyo Anaizinga Ndani?

A Idrisa anakweza chithunzi chakuda cha kuchipatala kudzuwa. Ankaona chigaza chawo chomwe, iwo ali moyo, atakhala pakhonde pawo ku Bua.

"Subhanallah," anatero motsitsa mawu. "Munthu kuona mafupa ako usanafe!"

"Mwaonatu, mutu waukulu koma m'kati mphako zokhazokha," anatero akazi awo, a Rahila, uku akupeta mpunga.

Chithunzicho anabwera nacho Zuhura, mwana wawo yemwe anali namwino ku Lilongwe. Zaka ziwiri m'mbuyomo, mwera unagubuduza bwato ndipo nkhafi inawagulula a Idrisa mano anayi akutsogolo. Anayesa mano ovula, koma Lachisanu lina anasololoka ali pakati poitana azana kumzikiti. Munthu amene anaitanira anthu kuswala kwa zaka makumi atatu anadzichotsa yekha ndi manyazi, ndipo zinkawapweteka tsiku lililonse akamamva wina akuitana. N'chifukwa chake Zuhura anawatengera kwa dokotala wa mano omangirira ndi chitsulo.

"Taonani apa, Ababa," anatero Zuhura akuloza ndi chala. "Mano akachoka, fupa la nsagwada limaphwa. Lanuli latsala lopyapyala ngati chikhadabo, chitsulo sichingagwire. Adokotala akuti ayambe awonjezerapo fupa."

"Fupa amawonjezeranso? Ngati kuzira khonde?"

"Eya. Amathirapo ufa wa mafupa n'kusoka. Pakapita miyezi, thupi lanu limameretsa fupa lakelake pamenepo."

A Idrisa anagwira pakamwa. A Rahila nawo anasiya kupeta.

"Nanga ufawo ndi wa mafupa a chiyani?"

Zuhura anawerenga pa zala: wa ng'ombe, wa munthu amene anavomera kupereka asanamwalire, ndi wopanga kufakitale. Wa nkhumba anangoudumpha, sanali wopusa.

"Ng'ombeyo anaizinga ndani?" anafunsa a Idrisa. "Anaitchulira Bismillah?"

"Ababa, mafupawo amawaotcha mpaka kutsala ufa woyera. Ndinafunsa kale kwa a Shehe, akuti pa mankhwala palibe tchimo."

"A Shehe alola, koma pakamwa ndi panga. Pomwepa ndi potulukira dzina la Mulungu kasanu patsiku. Nanga wa munthuwo, tsiku la Kiyama, lachiweruzo lija, mafupa akamabwerera kwa eni ake, mwiniwake akadzandipeza ndidzati chiyani?"

"Mudzamuuze kuti munangobwereka," anatero a Rahila. "Walira mvula walira matope, bambo a Zuhura. Mano mukuwafuna, ufa simukuufuna."

Wa kufakitale, Zuhura anati, adokotala anaona kuti pawokha sungakwane chifukwa malo ake anali aakulu. A Idrisa anapinda manja. Mtsikanayo anapsa mtima, misozi ili lengelenge, poti miyezi yonse yoyendayenda inkaoneka kuti yapita pachabe. Anabwezera chithunzi muenvelopu, kenaka anaulula chimene ankabisa.

"Ilipo njira ina, koma sindinkafuna muidziwe. Amatha kusema fupa lanu lomwe m'chiuno n'kukaliika m'kamwa. Zimawawa, Ababa. Mudzatsimphina masabata angapo, ndipo si inu mnyamata."

A Idrisa anaika dzanja m'chiuno, akusisita pang'onopang'ono ngati akulonjera mlendo.

"Fupa la m'chiuno likakhale m'kamwa, n'kugwira?"

"Limagwira."

"Ndiye kuti chigamba Mulungu anandisungira kalekale m'thupi momwemu, ine n'kumayenda nacho zaka zonsezi osadziwa!" Anapukusa mutu, maso ali mbee. "Allahu Akbar. Auze adokotalawo akaseme."

Kunawawadi, ndipo a Rahila angachitire umboni, poti a Idrisa si munthu wodwala mwakachetechete. Kwa mwezi wathunthu anaswali atakhala pampando, akumwa phala ngati khanda. Anadikira miyezi isanu kuti fupa ligwire, inanso inayi kuti zitsulo zilimbe. Mpunga unakololedwa, wina unafesedwa.

Tsiku lina masana a Rahila ali kuseri akupeta, chimkuzamawu cha kumzikiti chinatsokomola kawiri. Kutsokomola kumeneko ankakudziwa bwino. Kenaka mawu anatuluka, athunthu, opanda likhweru, n'kuwoloka madimba mpaka kukafika kwa asodzi kudooko.

Mayi woyandikana nawo anasuzumira pampanda. "Kodi si aja a mano aja?"

A Rahila anaika lichero pansi. Anafuna kuyankha mwa nthabwala monga mwa masiku onse, kuti chimene chikuitanacho ndi chiuno, koma misozi inawatsogolera. Anapukuta maso ndi nsonga ya mpango, natenga ndowa kukatawaza pokonzekera swala.