Pepala la Dércia

Dércia, mwana wa mlongo wanga, ali ndi khunyu. Atagwa koyamba m'kalasi, makolo a anzake anathamangira kwa adiretori a sukulu yathu, kufupi ndi Mualadzi, kukanena kuti thovu lake lipatsira ana awo. Adiretoriwo, munthu woopa phokoso, anamuuza kuti ayambe wapuma kunyumba. Kupumako kunatha miyezi isanu.

Ine ndine mwini mbumba, ndipo mtima wanga ndi wapachala. Ndinapalasa njinga mpaka ku Chifunde, kugona panjira. Mayi wina wa ku ofesi ya maphunziro anandimvetsera mpaka ndinatopa n'kulalata.

"Lamulo sililola kuchotsa mwana pa sikola chifukwa cha matenda," anatero. "Komanso khunyu sapatsirana, bambo. Akagwa muzimugoneka chammbali, muzimutchinjiriza mutu."

Anandilembera pepala n'kudindapo chidindo. Ndinabwerera ndikuimba mluzu ngati ndapha nyama.

Adiretori anawerenga, sanatsutse. Lolemba Dércia analowanso m'kalasi, kope lake kukhwapa. Anamupatsa benchi lakelake kumbuyo, pafupi ndi chitseko, ine n'kuti zilibe kanthu, bola walowa. Kupusa kwanga kunali pamenepo. Pepala ndinalionetsa mudzi wonse, koma mawu aja a kugoneka chammbali sindinauze munthu ndi mmodzi yemwe.

Sabata yachitatu anagwa pabwalo nthawi yopuma, pamalo a miyala. Ana anabalalika atatseka mphuno, poti kwathu amati ukapuma mpweya wake watenga. Aphunzitsi anaima pakhonde akufuula kuti wina akaitane amake. Mutu unamenya mwala mpaka matenda anamusiya okha. Anadzuka yekha, diresi litanyowa, magazi kukamwa, sukulu yonse ikumuyang'ana patali.

Nditamva ndinatenga pepala kuti ndikalalatenso. Dércia anandigwira malaya.

"Amalume, pepalalo limati chiyani?"

"Limati uli ndi ufulu wophunzira ngati wina aliyense."

"Nanga zoti wina andigwire ndikagwa analemba pati?"

Ndinalitembenuza. Kumbuyo kunalibe kanthu. Ndinalira, ine bambo wa imvi, pamaso pa mwana.

M'mawa mwake anapatsa mng'ono wake kope lija, natenga khasu kutsatira amake kumunda wa chimanga. Pepala ndikadali nalo, chidindo chake chikuwalabe. Koma ulendo uno palibe amene anamuchotsa, ndiye ndilibe woti ndikamusumire.