Masabata Khumi ndi Awiri Osowa

Amene anati chaka chili ndi masabata 52 sanagwirepo ntchito kufakitale ya zitini ku Southerton. Mu 1976, nkhondo yolimbana ndi boma la azungu ili mkati m'dziko la eni lomwe tinkakhalalo, mayiko atatitsekera malonda, malata opangira zitini ankabwera mwa apo ndi apo. Akatha, kapitawo ankangoima pageti Lolemba m'mawa n'kunena kuti, "Bwererani, tidzakuitanani." Amuna anga, a Fackson, ankabwerera kunyumba ku lokesheni ya Highfield kamba wawo ali m'manja. Sabata imeneyo kunalibe envelopu ya malipiro.

Chaka chomwecho mwana wathu Serafina anakhoza Giredi 7 n'kupeza malo a Fomu 1 kusukulu ya mishoni yogonera konko. Malo amenewo ana a anthu akuda ankachita kulimbirana. Tinali ndi madola 50, thukuta langa la zaka zitatu ndikugulitsa masamba pamsika wa Machipisa, ndipo sukulu inkawafuna onse pofika Januwale.

Mu Novembala kunabwera kalata yoti wantchito aliyense apite ku ofesi ya msonkho ndi envelopu imodzi ya malipiro. A Fackson anangotola yomwe inali pamwamba, ya madola 11, malipiro awo a nthawi zonse. Ndine ndinawalanda. Ine ndemwe Effie, ndi pakamwa pangapa!

"Mukufuna akatiseke kuti Mabhurandaya ndi opemphetsa?" ndinatero. Ndi dzina lomwe eni dziko ankatinena nalo ife ochokera ku Malawi. "Tengani iyi."

Ndinawapatsa ya madola 21, ya sabata ina yomwe malata anafika ambiri iwo n'kugwira ovataimu mpaka Lamlungu. Ndinachita kuisita ndi ayironi, tangoganizani.

Anabwerako ali ndwii, n'kundipatsira pepala. Kalaliki anali atachulukitsa 21 ndi 52, n'kulemba kuti Fackson amalandira madola 1,092 pachaka. Anthu olandira madola osafika 600 ankapereka madola awiri basi. Ife anatilembera 48, tipereke chaka chisanathe, apo ayi kukhoti.

Koma abale! Sauzande? M'nyumba yanga? Ndalama zimenezo zinkalowera khomo liti ine osaziona? Ndinalalata mpaka anzathu a nyumba yoyandikana anazimitsa wailesi kuti amve bwino. Ndinakwiyira kalaliki, ndinakwiyira fakitale, koma pansi pamtima ndinkadziwa yemwe anasita envelopu ija.

Mwayi wake, ine sinditaya pepala. M'maenvelopu akale ndinkasungamo mbewu: nthanga za maungu, therere, mpiru. Ndinakhuthulira zonse m'mbale, Serafina n'kuwayala pamphasa motsata madeti. Anakwana 40. Mwanayo anawonkhetsa kawiri, ndipo kawiri konse anapeza madola 450.

Mawa lake ndinavala duku langa la kutchalitchi, n'kupita nawo limodzi a Fackson ku ofesi kuja. Tinaima pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litafika paliwombo. Kalaliki wake anali Laston, mnyamata wa tayi, mwana wa anthu akwathu a ku Dedza, ngakhale Chichewa chake chinali chitasanduka theka Chishona. Kumbuyo kwake, kuseri kwa galasi, kunakhala mzungu, mfuti ataitsamiritsa pakabati.

Ndinamwaza maenvelopu patebulo, tinthanga tina n'kugubudukira pansi.

"Werenga wekha, mwana wanga. Sukulu unapita. Sauzande yako ili pati pamenepa?"

Laston anawerenga, n'kuwonkhetsa. "Ndi 450, amayi. Simukunama."

"Ndiye konza!"

Anatenga fomu ina, cholembera chili m'manja, koma sanalembe. Anasuzumira kugalasi kuja, kenako anatsitsa mawu.

"Madala, apa pali masabata 40. Fomu iyi ikufunsa kuti ena 12 munali kuti."

"Anali kunyumba, akundithandiza kuthirira dimba," ndinayankha ine. "Fakitale inatseka."

"Kalata ya fakitale yonena zimenezo muli nayo?"

Kalata yanji? Eni fakitale sankafuna kuti zimveke kuti malata akusowa m'dziko. Kapitawo sanalembepo ngakhale kadontho.

"Mundimvetse, amayi," anatero Laston. "Fomu iyi ikachoka pano imapita mkatimo. Masiku ano mwamuna wosowa masabata 12 popanda kalata amamufunsa ngati sanali kutchire ndi vakomana, anyamata a nkhondo aja. Akapulumuka pamenepo, amati ndi mlendo wopanda ntchito yokhazikika. Nyumba ya lokesheni amalanda. Mwezi watha ndinalembera bambo wina wa ku Chipata fomu yomweyi. Mpaka lero sanabwerere kwa ana ake."

Koma ine mkwiyo sunathe. Ndiye kuti kunena zoona tikagone kupolisi, kunama tilipire? Ndinati ndikuwe kuti mzunguyo amve, koma a Fackson anandigwira dzanja. Zaka 19 za ukwati, anali asanandigwirepo mwamphamvu chonchija.

Anavula chipewa, n'kuyamba kutolera maenvelopu aja imodzi imodzi.

"Siya momwe unalembera, mwana wanga," anatero. "Ndinagwira masabata onse 52."

Laston anamenya chidindo osatiyang'ana.

Tinakapereka madola 48 aja Lachisanu. Ndinapita kwa abusa kukabwereka za fizi, ndinapita kwa amayi a chigwirizano, koma Disembala aliyense amalira ndi ake. Ndinalembera kusukulu kupempha kuti atidikire mpaka Epulo. Anayankha mwaulemu ndithu kuti pali ana ena 30 omwe akudikira malo omwewo.

Serafina sanalire pamaso pathu, ndipo zimenezo zimandipweteka mpaka lero. Januwale atafika, anzake awiri a mumsewu mwathu anakwera basi ndi masutikesi awo. Iye anakwera ya ku Hatfield, kukalera mwana wa mzungu. Anali ndi zaka 14.