Kumbuyo kwa Tsache

Efraín anali asanamalize n'kupereka moni komwe pamene mayi Herminia anakankha geti n'kulitseka, iye ali kunja.

"Lankhulirani komweko," anatero. "Amwalira ndi amuna anga, makutu anga alipo."

Nilsa, mwana wawo wamkazi, anaima pakhonde ndi thireyi ya makapu a khofi, manyazi atamugwira. Efraín anali mtsogoleri wa gulu la opalasa njinga la ku Guayama, gulu limene bambo ake a Nilsa, a Tacho, analowa Nilsayo asanabadwe. Munthuyo anabwera atavala malaya a gulu, achikasu othina aja amene sabisa mimba ya mwini wake, ndipo zinkaonekeratu kuti mawu ake anawayeseza njira yonse.

"Mayi, Lachinayi tinyamuka ulendo wathu uja wozungulira chilumba. Lamlungu, tsiku lomaliza, tidzadutsa pakhomo pano. Tinapangana kuti mutibwereke njinga ya a Tacho, tiikweze pagalimoto, iyende patsogolo pathu. Atitsogolere kotsiriza."

"Patsogolo?" Mayi Herminia anaseka, koma kuseka kwake kunali koti galu wa pakhomopo anadzuka n'kusamukira kuseri. "Zaka zonsezi munawasiya kumbuyo. Lero afa ndiye mwawapezera malo patsogolo? Pitani, Efraín. Kapalaseni."

Kwawoko ku Maunabo ngakhale mwana ankadziwa kuti a Tacho ndiwo Tsache. Chaka ndi chaka gulu likamazungulira chilumba cha Puerto Rico, kuchoka ku Guayama kulowera ku Mayagüez, kudzera ku Arecibo ndi ku Fajardo mpaka kubwerera kwawo, pankafunika munthu mmodzi woyenda pambuyo pa onse, wosesa otsalira. Wina tayala laphulika, wina tcheni chaduka, wina miyendo yamukana pachitunda, onsewo anali a Tsache. Lamulo la ntchitoyo linali limodzi, lakuti Tsache sapitirira munthu. A Tacho anali ndi miyendo yoti akanatha kusiya anyamata onse m'fumbi, koma anasankha malo amenewo, ndipo kunena zoona palibe anawalimbirana nawo. Akazi ena ankalandira amuna awo dzuwa lili pamutu, ng'oma zikulira, zithunzi zikujambulidwa. Mayi Herminia ankalandira awo anthu atapinda kale mipando.

Ndiye Lamlungu lina, ulendo utayandikira, gulu linatuluka kukayeseza. Pachitunda cha Mala Pascua, chimene chimayambira pafupi ndi nyumba yawo, Monse wophika buledi anathedwa mphamvu monga mwa masiku onse. A Tacho anamuika chikhato pamsana n'kumukankha mpaka pamwamba, iwo akupalasa ndi dzanja limodzi. "Tsetserekani, ndikupezani," anamuuza. Monse anatsetsereka. Anzawo anafika ku Patillas, naitanitsa khofi, n'kumaseka kuti Tsache akusesabe. Amene anawapeza a Tacho anali wogulitsa kokonati, masana ndithu, atakhala motsamira mtengo, mtima utaima kalekale. Njinga anali ataitsamiritsa bwinobwino pambali kuti isatchinge njira.

Efraín atangochoka, mayi Herminia anatenga unyolo wa galu ndi loko, n'kumangirira njingayo kuzitsulo za pakhonde. Kiyi anamulowetsa m'chingwe cha mendulo ya Maria imene ankavala m'khosi, n'kumubisa m'kati mwa diresi lakuda.

Madzulo aliwonse nyumba inkadzaza ndi anthu a novena, mapemphero a masiku asanu ndi anayi opempherera womwalira. Ankachita korona pabalaza, kenako n'kumwa chokoleti ndi mabisiketi ndi tchizi, ndipo monga zimakhalira, ena ankafika mochedwa ku korona koma molawirira ku tchizi. Nilsa ankatsukira makapu m'khitchini pamodzi ndi mchimwene wake Wilfredo, amene anabwera kuchokera ku Orlando, ku America, ndi galimoto yobwereka pabwalo la ndege komanso maganizo okonzeratu.

"Mapemphero akatha ndikuwatenga amayi," anatero Wilfredo tsiku limenelo. "Chipinda chilipo. Chinjinga chijacho tikapatse aliyense wochifuna, kapena tikachitaye m'nyanja."

"Achimwene, mwamva kuti chaka chino gulu lilibe Tsache?"

"Ndiye ine ndilire?"

"Ndinamufunsa Efraín kuseri. Akuti aliyense akukana. Uyu akuti bondo, uyu akuti akufuna kuphwanya nthawi yake ya chaka chatha."

"Waona? Ndi anthu amenewo amene abambo anawafera." Wilfredo anaika kapu patebulo mwamphamvu mpaka chogwirira chinathyoka. "Ukukumbukira ukwati wanga? Wansembe akudikira, mkazi wanga akulira m'galimoto, iwo n'kutulukira manja ali bii ndi girizi. Akuti anapeza munthu panjira. Munthu wake uti? Mpaka lero sitikumudziwa dzina! Aliyense wa mumsewu anali mwana wawo, Nilsa. Ife tinali anthu oti tidikire."

Nilsa sanatsutse chifukwa zinali zoona. Nayenso anadikirapo pageti la sukulu mpaka alonda kumumvera chisoni. Koma ndi bambo omwewo amene anamuphunzitsa kupalasa pachitunda chomwechi, chikhato chili pamsana pake, akuti, "Usacheuke, ndilipo." Ankawasowa kwambiri, ndipo chimene chinkamulanda tulo sichinali maliro okha. Chinali chakuti kwinakwake m'mphepete mwa nyanja munthu adzaima ndi tayala lophwa, n'kucheuka mwachizolowezi, osaona aliyense.

"Lamlungu akamadutsa, ndikufuna nditseke kumbuyo," anatero Nilsa. "Kuchokera pano mpaka ku Guayama basi. Njinga yanga ndinaisiya kwanga ku Caguas, nditenga ya abambo."

Sanadziwe kuti mayi ake anali pakhomo la khitchini ndi mbale ya tchizi.

"Bwereza."

"Amayi, ndi theka la tsiku chabe."

"Bambo akonso linali theka la tsiku." Mayi Herminia anaika mbale pansi pang'onopang'ono. "Anasesa chilumba chonsechi, iwo anawasesa ndani? Anakhala pansi pa mtengo paja okha ngati munthu wopanda abale, ine ndili pano ndikukazinga nthochi, kamtunda koti ndikanathamanga ndi masilipasi. Ndaika mmodzi m'manda, Nilsa. Ukatuluka pageti apo ndi njinga imeneyo, usadzabwerenso kudzanditchula kuti amayi."

Kuyambira pamenepo awiriwo ankalankhulana kudzera mwa Wilfredo, ntchito imene mwamunayo ankaigwira ndi nkhope ya munthu wolumidwa ndi dzino. Pa korona Nilsa ankagwada kumapeto kwa chipinda. Mayi ake akamatsogolera Tikuoneni Maria, dzanja lawo limodzi linkakhala pachifuwa, pamene panali kiyi.

Lamlungu linali tsiku lotsiriza la novena. Kunacha kotentha, mphepo ya kunyanja itangoti zii. Nilsa anakhala pakhonde pafupi ndi njinga yomangidwayo. Inali yachitsulo, yakale, yolemera kuposa njinga ziwiri za anyamata a masiku ano, ndipo chikwama chake cha kumbuyo chinali chikadali ndi katundu yense: pampu, machubu a misinkhu yosiyanasiyana, zigamba, kabotolo ka mchere, ndi malalanje awiri amene anali atayamba kunyala. Chubu chokwana matayala a a Tacho eniake munalibemo.

Anawamva opalasa aja asanawaone, kulira kwa matcheni ambirimbiri pamodzi. Anatulukira pangodya awiriawiri, malaya achikasu okhaokha, nkhope zitapsa ndi dzuwa la masiku anayi. Chaka chilichonse pakhomo apa ankaimba mabelu n'kumakuwa, "Mayi Herminia, amuna anu akubwera mawa!" Lero palibe analankhula. Aliyense pofika pageti ankachotsa dzanja limodzi pachiwongolero n'kugwira pamtima. Galimoto ya katundu inali patsogolo, malo oikapo njinga ali opanda kanthu. Efraín anayang'ana pansi.

Mayi Herminia sanatuluke. Nilsa ankangoona chithunzithunzi chawo kuseri kwa zenera la pabalaza, milomo ikugwedezeka. Anayamba waganiza kuti akupemphera, kenako anazindikira kuti akuchita zomwe ankachita chaka chilichonse, kuyang'ana mmodzimmodzi kuti adziwe amene watsalira.

Gulu linakwera chitunda n'kuzimiririka. Otsalira angapo anadutsa, mmodzimmodzi, akupuma ngati ng'ombe zapangolo. Kenako msewu unakhala chete. Wilfredo anatuluka ndi khofi wake.

"Zatha," anatero. "Tiyeni tikonze mipando."

Koma mayi ake sanachoke pazenera, ndipo Nilsa sanachoke pakhonde.

Patapita nthawi ndithu, pangodya panatulukira chinthu chachikasu chikuyenda mokhotakhota. Anali Monse. Munthu wa buledi uja sanapondeko pamaliro chifukwa cha manyazi, anangotumiza madengu a buledi amene mayi Herminia anawabweza osawavundukula. Tsopano anali pano, thukuta lili kamukamu, nkhope itatuwa ngati ufa wa kuntchito kwake. Chitunda chitangoyamba, moyang'anana ndi geti, njinga inamukana. Anatsitsa phazi limodzi, naweramira pachiwongolero. Ndiyeno, asanaganize n'komwe, anacheuka kuyang'ana kumbuyo.

Msewu unali mbee mpaka kungodya. Monse anauyang'ana nthawi yaitali, mapewa ake n'kuyamba kugwedezeka.

Chitseko cha pabalaza chinatseguka.

"Kumbuyo kwake kuli ndani?" anafunsa mayi Herminia. Aka kanali koyamba kulankhula ndi Nilsa chiyambire tsiku la m'khitchini lija.

"Kulibe, amayi."

"Galimoto ija?"

"Ili patsogolo. Ikutsogolera."

"Zitsiru," anatero mayiwo chapansipansi. Anatsika masitepe, nafika pageti, n'kugwira zitsulo ndi manja onse awiri. "Iwe Monse! Mwamuna wamkulu ngati iwe, mimba ngati uvuni, unamva kuti njinga n'zako?"

Monse anavula chipewa chake cholimba chija. "Mayi, pepani. Ine ndinati ndiyende ulendo uno chifukwa cha iwo. Tsiku lija ndikanacheuka..."

"Khala chete. Ukanacheuka akanakukalipira. Wamwa madzi?"

"Anatha ku Yabucoa."

"Wilfredo, madzi!" Mayi Herminia anatembenuka, nayang'ana chitunda, nayang'ananso Monse. Nilsa anaona nkhope ya mayi ake ikulimbana yokha, ndipo anachita mantha, chifukwa sanadziwe mbali imene ipambane. Anadziwa kuti iye mwini loko sangamuphwanye. Mayi ake akanati akane, iye akanakhala pansi n'kumuyang'ana Monse akukwera yekha kulowera kumtengo uja.

Mayiwo anakweza manja, navula chingwe cha m'khosi, mendulo ndi kiyi zikugundana. Anagwada pakhonde ndi mawondo awo ovutawo n'kutsegula loko okha. Unyolo unagwa pasimenti.

"Malalanje awo anyala, katenge ena m'khitchini," anauza Nilsa osamuyang'ana. "Umudyetse limodzi ndi mchere asanakwere. Bambo ako ankatero."

Wilfredo anafika ndi jagi ya madzi, naona njinga ili yomasuka. "Amayi, mwayamba misala? Si inu munati..."

"Ndikudziwa chimene ndinanena, sindinakalambe chotero. Kalize galimoto yako yobwerekayo."

"Tikupita kuti? Anthu a mapemphero abwera madzulo ano!"

"Adikire. Bambo ako sanafikepo msanga pa chinthu chilichonse, sayambira pa novena yawo." Anamuloza ndi chala. "Uyenda kumbuyo kwa mlongo wako, pang'onopang'ono, mpaka ku Guayama. Ine ndikhala pambali pako. Ukangomupitirira kamodzi kokha, ku Orlando kwakoko ubwerera wekha."

Wilfredo analunjika kugeti. Anapatsa Monse jagi ija mwaukali ngati akumupatsa samani ya kukhoti, koma anaigwirira kunsi mpaka munthuyo atamwa madzi onse. Kenako anapita kukasaka makiyi akung'ung'udza.

Nilsa anatsitsa chishalo, namanga nsapato, n'kuitulutsa njinga pageti. Monse anali atayamba kale kukwera, lalanje lili m'tsaya, akugwedera uku ndi uku. Njingayo inali yolemera kuposa mmene Nilsa ankakumbukira, ndipo kuyambira pachitunda ndi katundu yense uja kunali kovuta. Anaponda kamodzi, tayala lakutsogolo linakhotera kumbali, phazi linabwerera pansi.

Apo ndi pamene anamva chikhato pamsana pake, chakumunsi pang'ono, zala zitatambasuka, pamalo enieni aja. Mayi ake anali atatuluka mumsewu ndi masilipasi ndi diresi lawo lakuda. Anakankha, nathamanga naye mapazi angapo akupuma movutikira, mpaka njinga inawongoka.

"Usacheuke," anatero, n'kuchotsa dzanja.

Nilsa sanacheuke. Anapalasa mpaka anamupeza Monse, natambasula dzanja lake lamanja. Kumbuyo kwake anamva chitseko cha galimoto chikutsekedwa, ndi injini ikuyamba kukwera chitunda pa giya yoyamba.